Chanco sinayambire ku Zomba, komanso mwaiwala Chikanda

Bambo mtolankhani, mwalemba kuti Yunivesite ya Malawi idayambira ku Chirunga mumzinda wa Zomba. Pamenepo mwaphonya. Ophunzira oyamba adalowa m'kalasi mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo Chancellor College (Chanco) idasamukira ku Zomba mu 1973. Chonde konzani, ana athu amawerenga zimenezi.

Koma chandikhudza kwambiri n'chakuti nkhani yanu yangozungulira pa Great Hall ndi laibulale, ngati kuti moyo wa wophunzira umathera pageti. Ambirife tinkagona ku Chikanda, mudzi woyandikana ndi sukuluyi. Ine ndidakhalako zaka zitatu, anyamata anayi m'kachipinda kamodzi, mbaula pakhomo, mabuku m'katoni pansi pa bedi. Nthawi ya dzinja tinkadzuka phiri la Zomba litakutidwa ndi nkhungu, n'kuyenda m'matope nsapato zili m'jumbo, kukazivala titayandikira kalasi.

Panali mayi wina wogulitsa zitumbuwa ndi usipa wokazinga, amene ankasunga kakope ka ngongole zathu. Ndalama ikachedwa kuchokera kumudzi sankatikalipira, ankangolemba dzina n'kutipatsa chakudya. Sabata ya mayeso ankawonjezera chitumbuwa chimodzi chaulere. Tsiku lomwe ndidavala gauni ndidapita kukawaonetsa, ndipo adalira kuposa mayi anga ondibereka. Mpaka lero ndikadutsa ku Zomba ndimakawaona.

Anzanga amene mudadutsa pa Chanco, kodi inu adakudyetsani ndani? Bambo mtolankhani, ulendo wina mudzatsikire ku Chikanda mukacheze ndi amayi amenewa.