Amene amayesa nkhwangwa pa YouTube sanawazepo bulugamu wouma

Abale, nkhwangwa yanga inaguluka mwezi watha ndikuwaza nkhuni kuseri kwa khitchini. Mutu wake unauluka n'kukagwa pafupi ndi pamene mwana wanga amatsukira mbale. Ndinaigula kuhadiweya ina m'tauni, yopakidwa penti yofiira, yooneka bwino, koma sinathe ngakhale chaka. Ndikakumbukira tsikulo mtima umagundabe.

Chichokereni tsikulo ndakhala ndikuonera makanema a anthu oyesa nkhwangwa. Akutama Fiskars ya ku Finland, makamaka X27 yowazira zipika. Akutamanso Gränsfors Bruk ya ku Sweden, imene wosula aliyense amadinda zilembo zoyamba za dzina lake pamutu pa nkhwangwayo. Sindikuzinyoza ayi, ndi zipangizo zabwino ndithu. Chimene chikundipweteka ndi mayesedwe ake.

Taonani mtengo umene ambiri akuwaza m'makanemamo. Ndi paini wowongoka, wopanda mfundo, wodulidwa bwino ndi makina. Kumenya kamodzi, waphwanyika pakati. Tsono muwapatse chipika cha bulugamu chouma, chopotana m'kati, kapena tsanya wa kuchigwa cha Shire, tione. Komanso nkhwangwa aitulutsa m'bokosi m'mawa, pofika madzulo aweruza kale. Ena amachita kupatsidwa ulere ndi kampani, ena amalandira kangachepe munthu akagula kudzera pa linki yawo.

Funso langa ndi limodzi, ndipo silimveka kawirikawiri m'makanemamo: mpini ukathyoka utani? Mpini wa Fiskars ndi wa pulasitiki yolimba imene anaiumba mozungulira mutu. Suthyoka msanga, zoona, koma ukathyoka sungaikenso wina. Kwawo amabweza kwa kampani. Nanga ife kuno tikabweza kwa yani?

Apa m'pamene ndimalemekeza nkhwangwa yathu ya osula a kumsika, ija amasula ndi chitsulo cha masipuling'i a galimoto. Mchira wake wosongoka umalowa pabowo lootcha pamutu pa mpini, ndiye ukamamenya m'pamene imalowerera n'kumalimba. Mpini ukasweka, umasema wina masana omwewo, kuotcha mchira pamoto, kuboola, basi ntchito yapitirira. Malume anga ankaizula n'kuitembenuza, n'kukhala kasemasema wosemera mtondo. Ikabuntha, tupa kapena mwala wa kumtsinje wakwana. Koma nayo ili ndi pofooka pake: ndi yopyapyala, moti pa chipika chachikulu imakanirira, uchite kulimbana nayo. Pamenepo pamafunika yolemera ngati Lasher ya ku South Africa, bola ikhale ya mpini wamtengo woti ungasinthe.

Dzulo ndinaima pa bambo ena ogulitsa nkhuni m'mbali mwa msewu wa kwathu. Ndinawapempha kuti ndigwireko nkhwangwa yawo. Mpini wake wachita kusalala ndi thukuta, mutu wafupika ndi kunola. Anandiuza kuti mipini asintha kambirimbiri koma chitsulo n'chomwecho. Anandisonyezanso mmene amaimenyera pansi chakumutu asanayambe ntchito, kuti aone ngati yagwira. Loweruka andilonjeza kunditengera kwa wosula wawo.