Ampu yophokosera kwambiri si ndiye yolira bwino

Anzanga opanga ma ampu (makina okuzira mawu a nyimbo) kuno ku Salima, mundilole ndiyankhulepo, ngakhale ndikudziwa kuti ena mundikwiyira. Mpikisano timachita uja, wina atanyamula ampu yake ya mathiransisita eyiti, wina ya IC (kachipangizo kamodzi kokhala ndi mathiransisita ambirimbiri mkati) ya TDA7294, n'kumati "tiyeni timve yolira bwino", ndi mpikisano wabodza. Amene amawina ndi amene wapotokola voliyumu kwambiri, basi.

Khutu silichedwa kupusitsika. Nyimbo ikangokwera pang'ono, besi imamveka yonenepa, mawu a woimba amamveka oyera, ndipo aliyense amaloza ampu imeneyo kuti ndiye katundu. Ngati tikufunadi chilungamo, masipika akhale omwewo, malo omwewo, nyimbo ichokere pa foni imodzi. Musanayambe, lizani pa foniyo kulira kumodzi kosasintha, monga kwa 100Hz, muike mita yoyezera mavoti pa AC, muyeze pa mawaya opita ku sipika mpaka ma ampu onse awiri azipereka mavoti ofanana. Mavoti 2.83 pa sipika ya 8 ohm ndi wati imodzi, poyambira pabwino. Wosintha mawaya akhale wina, omvera ayang'ane kumbali. Mukatero muona kuti ambiri mwa aja amalumbira kuti "ya mathiransisita ili ndi besi yolemera kuposa ya IC" ayamba kukanda m'mutu. Ma ampu awiri opangidwa bwino, osapanikizidwa kupyola mphamvu zawo, amasiyana pang'ono zedi. Kusiyana kwakukulu kumene timamva kawirikawiri kumakhala matenda a imodzi mwa ma ampuwo.

Za mawati nazo tisamanamizane. Thiransifoma ya 24-0-24 (yotulutsa mavoti 24 mbali ziwiri) ikadutsa pa madayodi ndi makapasita imapereka mavoti pafupifupi 33 mbali iliyonse. Pa sipika ya 8 ohm zimenezo ndi mawati cha m'ma 60, sizingapyole patali. Kaya muike mathiransisita a 2SC5200 ndi 2SA1943 awiri kaya khumi, nambala ndi yomweyo. Mathiransisita ambiri amathandiza kugawana kutentha komanso kunyamula masipika ochuluka, koma kuwachulukitsa pa thiransifoma yaing'ono kuli ngati kuwonjezera mbale pamene nsima ndi ya mumphika womwewo. Ndiye wina amalemba "1000W" ndi penti yofiira pa bokosi, mkati muli kathiransifoma kochotsa mu wailesi yakale. Amwene, inu! Ndipo ngakhale mawatiwo atakhala enieni, kuchoka pa 60 kufika pa 120 khutu limangomva kukwera pang'ono. Kuti phokoso limveke ngati lawirikiza kawiri pamafunika mphamvu pafupifupi kakhumi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene timathamangira kusintha IC ampu ikangoyamba kung'ung'udza. Nthawi zambiri IC imakhala yosalakwa. Choyamba zulani waya wa foni, mulumikize polowera nyimbo ndi graundi (waya wa 0V wobwererapo magetsi). Kung'ung'udza kukatha, vuto ndi wayayo kapena chimene chikupereka nyimbo. Kukapitirira, tcherani khutu. Kulira kwapansipansi kwa "mmmm" ndi 50Hz ya magetsi athu, ndipo kawirikawiri kumabwera chifukwa mawaya olowetsa nyimbo adutsa pafupi ndi thiransifoma. Asuntheni ndi kamtengo, mumva kukusintha. Kulira kwa "zzzz" kokhala ngati kukukanda ndi 100Hz, ndiye yang'anani makapasita aakulu aja. Mwina atopa, mwina atupa pamwamba, mwina ndi aang'ono: 2,200µF pamene pakufunika 10,000µF. Kapena ndi graundi. Ambiri timangowotcherera waya wa graundi paliponse pamene pali pafupi, wina pa bokosi, wina pa bolodi, wina pa voliyumu. Magraundi onse akumane pamalo amodzi, pafupi ndi pamene makapasita awiri aakulu alumikizana, aliyense ndi waya wakewake. Ntchito yosafuna kugula chilichonse koma imachiza ma ampu ambiri.

Ampu ina imalira bwino pang'onopang'ono koma besi ikagunda mawu amasasa. Ikani mita pa makapasita nyimbo ikulira. Mukaona mavoti 33 aja akutsika mpaka 24 pa ng'oma iliyonse, thiransifoma yabanika. Funsaninso mwini wake kuti walumikiza masipika angati. Anayi a 8 ohm olumikizidwa pa mawaya awiri omwewo ndi 2 ohm, ndipo pa chinkhoswe cha mu Okutobala, dzuwa la ku Khombedza lili pamutu, ampu yotereyi sifika nthawi yopelekana mphatso. Kuliza ampu mawu atasasa kale ndi kumenenso kumawotcha mathwita (timasipika ta mawu oonda), kenako timanamizira wogulitsa sipika.

Ampu yotentha pamene nyimbo sizikulira, kapena bias (magetsi ochepa oyenda m'mathiransisita ngakhale nyimbo isakulira) yakwera, kapena ikudzilirira yokha pamwamba pamene khutu silifika. Onani ngati munaika ka resistor ka 10 ohm ndi kakapasita ka 100nF potulukira pa sipika. Anyamata ambiri amatisiya tiwiriti poti "sitigwira ntchito".

Ndipo chonde, ampu yatsopano musamaiyatse pa magetsi mwachindunji. Ikani babu lakale la kawaya mkati, la mawati 60 kapena 100, pamzere umodzi ndi thiransifoma, kuti magetsi ayambe adutsa m'babu asanafike ku thiransifomayo. Likawala kamodzi n'kuzilala, zili bwino. Likapitirira kuwala kwambiri, pali shoti, ndipo babulo lapulumutsa mathiransisita anu. Mababu amenewa akusowa masiku ano chifukwa cha ma LED, mukalipeza lisungeni. Kenako yezani DC potulukira musanalumikize sipika. Pansi pa 50mV palibe nkhawa, koma mukaona mavoti athunthu koyilo ya sipika ipsa mukuyang'ana. Mukazimitsa, dziwani kuti makapasita aja amasungabe moto.

Zida zachinyengo ziliponso, sindikukana. Thiransisita ikapsa msanga ithyoleni ndi pulayala, muone kachitsulo kamkati. Mu yabodza kamakhala kakang'ono kwambiri kuyerekeza ndi yeniyeni, ngakhale kunja kwalembedwa dzina lodziwika. Koma tisamabisale kumbuyo kwa "feki" pamene heatsink (chitsulo chochotsa kutentha pa mathiransisita) ndi kachidutswa ka aluminiyamu kosakwana chikhatho, kopanda fani, kuno kunyanja kotentha chonchi.

Timabolodi ta ampu ya mtundu wa Class D ngati TPA3116 ena mumatinyoza kuti ndi zidole za ana. Ine sindigwirizana nanu. Kwa munthu wa ku Lifuwu kapena ku Senga Bay woliza nyimbo pa batire ya sola, palibe chanzeru kuposa kameneka, chifukwa sikataya moto wambiri m'kutentha. Kungoti mawati 50 amene amalembedwa pa pepala lake amabwera mukakapatsa mavoti opitirira 20. Pa batire imodzi ya 12V, ndi sipika ya 4 ohm, musayembekezere zoposa mawati 18. Lumikizani mabatire awiri apereke 24V, ndiye mubwere tidzakangane bwino za kalilidwe kake.