Munthu wamkulu musamugwirire kaliyala, muchotsereni mapedulo

Ndaphunzira kupalasa njinga chaka chino, ndili ndi zaka 39 komanso ana atatu. Sekani ndithu, ndinazolowera. Kuno ku Salima njinga ndi miyendo ya anthu, moti ukanena kuti sutha kupalasa amakufunsa kuti unakulira kuti. Ndinakulira konkuno. Pakhomo pathu panali Humber imodzi ya bambo, ndipo oikhudza anali alongo anga okha. Iwo ankaphunzira polowetsa mwendo kunsi kwa chitsulo chapakati, thupi lili pambali, ife atsikana tili pamtondo. Kuyambira pamenepo ndalama zanga zakhala zikuthera kwa akabaza.

Ndinayesapo katatu ndi bambo a kunyumba. Njira yake mukuidziwa: iwo agwira kaliyala, akuthamanga pambuyo, akukuwa kuti "palasa, palasa, usayang'ane pansi!" Kenako akusiya osakuuza. Njira imeneyi imagwira kwa mwana wa zaka 7, yemwe amagwa n'kudzuka akuseka. Ine ndimalemera, wondigwira ankatopa msanga, ndipo ndikagwa bondo limatupa sabata yathunthu ntchito zapakhomo zikundidikira. Ndiye pali ana a m'mudzi, omwe amasonkhana ngati kwabwera gule. Ulendo wachitatu tinabwerera kunyumba osayankhulana.

Maganizo anga ndi akuti vuto ndi kaphunzitsidwe. Timamupatsa munthu zinthu zitatu nthawi imodzi, kukhazikika, kupalasa ndi kuwongolera, pomwe chovuta chenicheni ndi choyambacho.

Amene anandithandiza ndi mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo kumsika. Nditamudandaulira anangoti, "Mayi, bwerani nayo mawa." Anatenga sipanala ya 15 n'kuchotsa mapedulo onse awiri. Mukamachita nokha dziwani kuti lakumanzere limamasukira mbali yosiyana ndi linzake, musalimbane nalo mpaka kuwononga. Chishalo anachitsitsa mpaka mapazi anga onse anaponda pansi bwinobwino ndili chikhalire. Anati ndizingodzikankha ndi miyendo, njinga ikathamanga ndinyamule mapazi, ndikachita mantha ndiponde. Ndinaona ngati chibwana. Koma njinga yomwe Karl Drais anapanga ku Germany mu 1817 inalinso yopanda mapedulo, anthu ankayenda nayo chonchi, ndipo mapedulo anadzabwera m'ma 1860 ku France. Anthu anayamba adziwa kukhazikika, kupalasa kunabwera pambuyo.

Ndinkapita pabwalo la mpira la kusukulu m'mamawa ana asanafike, mbali yotsetsereka pang'ono. Tsiku loyamba ndinkanyamula mapazi n'kuponda nthawi yomweyo. Tsiku lachinayi ndinawerenga mpaka teni mapazi ali m'mwamba, ndipo ndinakuwa ndekha pabwalo lopanda munthu.

Chimene thupi limaphunzira pamenepo n'chodabwitsa, chifukwa mutu umakana. Njinga ikapendekera kumanzere, handulo imayenera kukhotera pang'ono kumanzere komweko kuti matayala abwerere kunsi kwa thupi lako. Mantha amakuuza kuti uthawire kumanja, ndipo ndi pamene umagwa. Palibe angakuike zimenezi m'mutu ndi mawu, manja amazipeza okha ukawamasula. Ine ndinkafinya mahandulo mpaka zala kuchita dzanzi, njinga n'kumanjenjemera nane limodzi. Chinanso, kuyenda pang'onopang'ono komwe timaganiza kuti n'kusamala ndiye kovuta kwambiri. Njinga ikakhala ndi kaliwiro imakhazikika bwino. Ndipo imapita kumene maso ali: ndinayang'anitsitsa chitsa china kuti ndichipewe, n'kukachigunda chomwecho.

Mabuleki aphunzireni mapedulo asanabwerere. Yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga mwamphamvu, koma ukaikoka mwadzidzidzi umauluka pamwamba pa handulo, choncho zolowerani kufinya onse awiri pang'onopang'ono. Mchenga upeweni poyamba, umameza tayala lakutsogolo. Amayi anzanga, chitenje chimakodwa mutcheni ndi m'masipokosi. Valani thalauza, onena anene.

Mapedulo anabwezeretsedwa patatha sabata ziwiri. Mkulu uja anandionetsa kukweza pedulo limodzi m'mwamba chakutsogolo, kuliponda mwamphamvu, kenako phazi linalo n'kutsatira osaliyang'ana. Zinanditengera madzulo amodzi okha. Bambo a kunyumba mpaka lero amati maziko anaika ndi iwo. Ndimangowasiya.

Kumsewu wa M5 sindinayambe kupitako, malole aja ndimawaopabe, ndipo kusiya dzanja limodzi kuti ndisonyeze kokhotera kukundivutabe. Koma Loweruka ndinapita ndekha kuchigayo, ndowa ya chimanga nditaimanga pakaliyala ndi mphira. Pokwera kachitunda ka pafupi ndi mjigo ndinatsika n'kukankha. Mnyamata wa kabaza yemwe wakhala akundinyamula zaka zisanu anandipitirira, naliza belu, n'kunena kuti, "Mayi, ndiye mwatichotsa ntchito?"