Asanawatche aulesi, akumbuke kuti iwo ankadya ku kafeteriya

Akuluakulu amene anaphunzira ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akamanena kuti ophunzira a masiku ano ndi aulesi, ndimafuna kuwafunsa kuti iwowo anasonkhapo moto kangati asanapite m'kalasi. Pamene Yunivesite ya Malawi inkayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, ophunzira analipo 90 okha, ndipo ngakhale kolejiyo itasamukira ku Zomba mu 1973, aliyense wosankhidwa ankapeza bedi lomuyembekezera, chakudya katatu pa tsiku ku kafeteriya, komanso kandalama kogulira mabuku. Ntchito yake inali kuwerenga basi.

Sindikunena kuti ankangodyerera. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene mawu olankhulidwa m'chipinda chogona ankatha kukafika kupolisi kusanache, ndipo mtsikana sankaloledwa kuvala thalauza chifukwa cha lamulo la kavalidwe la 1973. Ophunzira a ku Zomba komweko ndiwo anaguba mu Marichi 1992 pogwirizana ndi kalata ya maepiskopi a Katolika, koleji n'kutsekedwa. Ulemu umenewo sindingawalande.

Koma mwezi watha ndinakaona mwana wa mchemwali wanga amene akuphunzira pa kolejiyo ndipo akuchita lendi ku Chikanda, dera loyandikana nayo. M'kachipinda kamodzi akukhalamo atatu, matiresi ali pansi, mbaula ili pakhomo, ndipo thumba la ufa analikweza pa mpando poopa makoswe. Notsi zonse zili m'foni yosweka galasi, moti magetsi akazima madzulo, kuwerenga kwathera pomwepo. Anandiphikira nsima ya soya, akuwerengetsera pamtima ngati makala otsalawo afika Lachisanu. Ngongole ya boma, imene bungwe lake linakhazikitsidwa mu 2015, anaipeza, koma mnzake wa m'chipindamo sanaipeze, ndipo amadalira kugulitsa zovala za kaunjika kwa ophunzira anzake.

N'zoona kuti mwayi wakula. Mzuzu University inatsegulidwa mu 1999, kenako kunabwera mayunivesite a LUANAR ndi MUST, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka yunivesite ya MUBAS pamene makoleji a zaumoyo anaphatikizana kukhala yunivesite ya KUHeS. Ana a alimi ambiri akulowa kumene kale kunkalowa owerengeka, ndipo zimenezi ndikuziyamikira ndi mtima wonse. Chimene sichinakule molingana ndi chiwerengerocho ndi malo ogona ndi chakudya. Choncho mtsikana amene wakhoza mayeso a chaka chachitatu ataphika yekha, atatunga yekha madzi, n'kuyenda wapansi mpaka kukoleji ku Chirunga pa mvula ya ku Zomba, ine sindingalole kuti munthu amene ankangotenga mbale n'kuima pamzere amutche waulesi.