Pemphero pa mwambo wokumbukira Martin Luther King Jr. ku Morehouse

Atate wathu wa Kumwamba, Mlengi wa anthu a khungu lililonse, Januwale wafikanso, ndipo ku Morehouse College mumzinda wa Atlanta ku America ophunzira akusonkhana kukumbukira mtumiki wanu womenyera ufulu wa anthu akuda, Martin Luther King Jr. Nafenso tagwada komwe tili, mutimve.

Tikuyamika chifukwa cha kamnyamata ka zaka 15 kamene kanalowa pasukuluyi mu 1944, kali chabe kamwana ka abusa a mpingo wa Ebenezer Baptist. Tikuyamika chifukwa cha Dr. Benjamin Mays, mkulu wa sukuluyo, amene anamuumba maganizo. Mays yemweyo, mu Epulo 1968, anaima pabwalo la sukulu kutsanzika wophunzira wake, bokosi litafika pa ngolo yokokedwa ndi nyulu ziwiri. Ambuye, Inu mukudziwa kuwawa kwake wamkulu akamaika mwana m'manda. Tonthozani aphunzitsi onse amene anamwapo chikho chimenechi.

Musalole kuti tiiwale chomwe King anakachita ku Memphis. Kumeneko otola zinyalala ananyanyala ntchito anzawo awiri, Echol Cole ndi Robert Walker, ataphwanyidwa ndi makina a galimoto ya zinyalala yomwe anausamo mvula. King anapita kukaima nawo, ndipo pa 4 Epulo chipolopolo chinamupeza pakhonde la Lorraine Motel ali ndi zaka 39. Tsono akwaya akamaimba, aprofesa akamalankhula, titseguleni maso tione mayi amene anakolopa holoyo kusanache, ndi bambo amene adzatolere mabotolo alendo atabalalika. Mundikhululukire ineyo poyamba, Ambuye. Ndimadziwa kuombera m'manja mawu okoma onena za ufulu, koma mlonda wa pageti ndimamudutsa osapereka moni, ndipo dzina lake sindinafunsepo.

Munakonza ndinu kuti King abadwe pa 15 Januwale 1929, tsiku lomwe ife Amalawi timakumbukira Abusa John Chilembwe, amenenso anaphunzira pasukulu ya anthu akuda ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia asanabwerere ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Onse awiri anali abusa a Baptist. Chilembwe anautsa nkhondo mu 1915 ataona nkhanza za thangata. King anakana kubwezera ngakhale nyumba yake itaponyedwa bomba ku Montgomery mu 1956, mkazi wake ndi khanda ali m'kati. Kuweruza n'kwanu, ife sitingathe. Chomwe tikupempha n'chakuti mutipatse mtima umene sugona tulo mnzathu akamaponderezedwa, ndi dzanja losafulumira kukhetsa mwazi.

Dalitsani ophunzira a ku Morehouse, a ku Zomba, a ku Mzuzu, ndi aja amene akhala pakhomo chifukwa fizi yasowa. Akadzakhala m'maofesi, asadzabere wantchito malipiro ake, asadzalandire chiphuphu kwa mayi wamasiye, ndipo wosauka akagogoda, adzanyamuke pampando n'kutsegula okha chitseko.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Ameni.