Mamba a ngaka amalepheretsa mkango, koma osati munthu

Ine ndimati ngaka ndi nyama imene thupi lake lidakonzekera adani onse a m'tchire kupatulapo mmodzi, munthu.

Mkango ukaipeza, ngaka sithawa ndipo siluma, ilibe ndi dzino limodzi lomwe. Imangobisa mutu pamimba, pomwe palibe mamba, n'kukulunga mchira wake wotambalalawo pamwamba, basi. Mkango umaigubuduza, kuiluma uku ndi uku, mano akungoterera pa mamba osanjikizanawo, mpaka umatopa n'kuchoka. Fisi, ndi nsagwada zake zophwanya mafupa zija, nayenso nthawi zambiri amabwerera ndi njala.

Koma chondidabwitsa kwambiri ndi kadyedwe kake. Chakudya chake ndi nyerere ndi chiswe, ndipo thupi lonse likugwirizana ndi ntchito imeneyi. Zikhadabo zakutsogolo ndi zoboolera zulu, ndiye ngaka ya kuno kwathu imayenda ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogoloyo itapindidwa pachifuwa, mchira ukuithandiza kuti isagwe chamutu. Lilime ndi lalitali, lowonda, la malovu omata, ndipo silithera kukhosi ayi, limayambira m'kati mwenimweni, kumunsi kwa chifuwa. Nyerere zikakwiya n'kuyamba kuluma, iyo imatseka mphuno ndi makutu, maso n'kubisala m'zikope zokhuthala, kwinaku ikupitiriza kudya. Nanga kutafuna, popeza mano palibe? Imameza mchenga ndi timiyala, mimba n'kumapera chakudyacho ngati nthutumba ya nkhuku.

Tsono vuto lili pa kudzikulunga kuja. Mkango umagonja, koma munthu amangowerama, kunyamula, kuponya m'thumba. Safunika mfuti kapena galu. Ku South Africa mipanda ya magetsi imapha ngaka zambiri pa chifukwa chomwechi: mimba yopanda mambayo ikakhudza waya wapansi, ngaka m'malo mobwerera m'mbuyo imadzikulunga pa waya womwewo, magetsi n'kumaimenyabe mpaka kufa.

Ndipo anthu akuzipheranji? Nyama, komanso mamba amene amagulitsidwa ku Asia ati ndi mankhwala. Apa ndiye ndimakwiya. Mambawo ndi keratin, chinthu chomwe chija chimapanga zikhadabo ndi tsitsi lathu. Wofuna mankhwala oterewa angowenga zala zake, asavutitse nyama yosalakwa.

Mu 2016, pa msonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zam'tchire) ku Johannesburg, mayiko adagwirizana zoletsa malonda a mitundu yonse 8 ya ngaka pakati pa mayiko, 4 ya mu Africa ndi 4 ya ku Asia. Lamulo ndi labwino, sindikutsutsa, koma ozembetsa sadasiye. Ndipo ngaka siswana msanga. Yaikazi imabereka kamwana kamodzi pa chaka, kamene kamabadwa ndi mamba ofewa n'kumakwera pamsana pa make. Wogwira yaikazi yoyamwitsa amakhala wapha ziwiri.