Chenjezo kwa inu ogula mipope yakale ya mfuti zachiwaya

Ana inu, tamverani kuno. Pali khalidwe lomwe lazika mizu pakati pa osunga mfuti zakale za asilikali kuno ku America, ndipo ena mwa inu amene mwayamba kutsatira anzanu kumabwalo owomberako mwalitengera msangamsanga. Munthu agula mpope wa mfuti yachiwaya pa intaneti, bolt (chitsulo chokankha chipolopolo ndi kutseka kumbuyo kwa mpope) akaitola patebulo la ogulitsa zotsala za nkhondo, Loweruka m'mawa alumikiza, masana ali kale pabwalo akuwomba, mwana wake ali pambali atagwirira lamba wa zipolopolo. Ukamufunsa ngati wayeza headspace, yankho lake n'lakuti, "Zalowa bwinobwino, madala." Zalowa, inde. Nanga ndani anakuuzani kuti chitsulo chikalowa ndiye kuti chakhala pamalo pake?

Headspace ndi mpata wochokera pankhope ya bolt ikatsekeka kukafika pomwe chipolopolo chimatsamira m'chipinda chake, kumbuyo kwa mpope. Zipolopolo za .30-06, 7.62 NATO ndi .50 BMG zimatsamira paphewa la khoko lake losunga onga, pamene .303 ya Angerezi imatsamira pamkombero wakumbuyo. Onga ukayaka m'menemo, mphamvu yake imafika mapaundi 50,000 kapena kuposerapo pa inchi imodzi ya sikweya. Khoko lija ndi mkuwa wopyapyala, palokha silingapirire zimenezo. Limadalira chitsulo cholizungulira mbali zonse. Tsono mpata ukakula, kutsogolo kwa khoko kumamatirira kumakoma a chipinda, kumbuyo kwake kumakankhidwa kukafuna bolt komwe yathawira. Mkuwa umatamuka, kupyapyala pafupi ndi tsinde, kenako n'kuduka. Moto ndi zidutswa zimatulukira kumbuyo ndi pansi, komwe kuli manja anu, ntchafu zanu, maso anu, ndi nkhope ya uja wagwirira lamba. Mpata ukachepa kwambirinso ndi vuto lina: bolt sitsekeka kwathunthu, mfuti imayenda motsimphina kapena kukakamira, ndipo munthu wopanda nzeru amayamba kuimenya kuti itseke.

Mfuti wamba ikadula khoko imaima, chifukwa chala chanu ndi chomwe chimaitana chipolopolo chachiwiri. Yachiwaya siyembekeza kuti mumve ululu. MG42 ya Ajeremani inkalavula zipolopolo pafupifupi 1,200 pa mphindi. Werengani nokha kuti musanachotse chala zadutsa zingati.

Tengani M2 ya John Browning, ija ya .50 yomwe asilikali a America akhala nayo kuyambira 1933. Mpope wake amachita kupotokolera m'malo mwake, ndiye nthawi iliyonse ukachotsedwa n'kubwezeredwa, mpata uja uyenera kukonzedwa mwatsopano. Geji yake, kachitsulo koyezera mpatawo, ili ndi mbali ziwiri: GO, yoyenera kulowa mumpatamo, ndi mainchi 0.202, NO GO, yosayenera kulowa, ndi 0.206. Kusiyana kwake ndi 0.004, kunenepa kwa pepala limodzi la mu ofesi. Pepala limodzi, ana inu! Ndipo inu mukuti mumaona ndi maso. Geji ina ndi ya timing, yoonetsa ngati mfuti ikuwomba pa nthawi yake, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi pa tcheni kamodzi kuti munthu asanamizire kuti inayo anaiwala. Magazini ya asilikali yotchedwa PS, yomwe inayamba kutuluka mu 1951, inakalipira anyamata ake pa nkhani yomweyi kwa zaka zambirimbiri, koma anthu ankavulalabe. Mapeto ake gulu la nkhondo linatulutsa M2A1, yomwe mpata wake unakhazikitsidwiratu kuti msilikali asamaukhudze. Taganizani: anthu ophunzitsidwa, okhala ndi sajeni wowakuwira m'khutu, zinawavuta mpaka boma linasintha mfuti. Inu mwaphunzirira pa YouTube usiku umodzi, mukuti mwatha.

Ndipo musandiuze kuti yanu ndi ya mpata wokhazikika ndiye mulibe nkhawa. Ngakhale pa mfuti zachiwaya za M240 ndi M249, lamulo la asilikali n'lakuti mipope iwiri ya mfuti imodzi ndi ya mfuti yomweyo, siisinthanitsidwa ndi ya ina popanda mmisiri kuyeza. Angerezi pa mfuti yawo yachiwaya ya Bren ankadinda nambala ya mfuti pampope wake. Pa Lee-Enfield No. 4, mtundu wa mfuti zomwe agogo athu a King's African Rifles ankazidziwa bwino, mitu ya bolt inkapangidwa ya misinkhu yosiyana, yolembedwa 0, 1, 2 ndi 3, kuti mmisiri asankhe woyenera mfuti ikayamba kutha. Anthu amenewo sanali osowa chochita. Ankadziwa kuti zitsulo ziwiri zochokera m'fakitale imodzi, chaka chimodzi, zimatha kusiyana.

Nanga zanuzi zachokera kuti? Apa ndi pomwe pamandiwawa kwambiri. Zida zogulitsidwa ngati zotsala zija zinachotsedwa m'mfuti zomwe thupi lake linadulidwa ndi moto kuti ziloledwe kulowa m'dziko. Zinathiridwa m'mabokosi mosakaniza. Mpope wa mfuti iyi, bolt ya iyo, zina zinagwira ntchito m'mayiko atatu zisanafike kwa inu. Zina zinatayidwa dala ndi mmisiri wa asilikali chifukwa zinalephera geji, ndipo palibe kapepala komwe kanatsagana nazo kuti kakuuzeni. Wogulitsa wazipukuta, wazidzoza mafuta, zikunyezimira. Mano a bolt akhoza kukhala ndi mng'alu wosaoneka ndi maso. Chipinda cha mpope chikhoza kukhala chodyeka ndi dzimbiri, popeza zipolopolo zambiri zakale zinkasiya mchere womwe umadya chitsulo ngati mfuti sinatsukidwe ndi madzi.

Palinso za kusokoneza mtundu wa chipolopolo. M1919 inapangidwira .30-06, koma Israel inasandutsa zake zambiri kukhala 7.62 NATO, ndipo zida za mitundu iwiriyi zadzaza msika, zooneka ngati mapasa. MG42 ndi ya 7.92x57, mdzukulu wake MG3 ndi wa 7.62 NATO. Werengani zodindidwa pampope, ndipo ngati zafufutika, mmisiri akayeze chipinda chake. Komanso musatenge geji ya .308 Winchester n'kumaganiza kuti ndi chimodzimodzi ndi ya 7.62 NATO. Chipinda cha mfuti ya asilikali chinapangidwa chotalikirapo kuti chizigwirabe ntchito m'fumbi ndi m'kutentha, ndipo makoko a asilikali ndi okhuthala. Mukathira zipolopolo za m'sitolo za mkuwa wopyapyala m'chipinda chachitali chomwe chathanso ndi zaka, mwaitana nokha.

Ena ndiye amati ali ndi nzeru zawo. Amamata tepi kumbuyo kwa chipolopolo, kutseka bolt, n'kumawerenga kuti matepi angati alowa. Tepi imafinyika, bambo. Zipolopolo za m'bokosi limodzi nazonso sizifanana ndendende. Ndipo kuyesera zimenezi ndi chipolopolo chamoyo m'galaja, ana akusewera kuseri kwa khoma, ine ndilibe nako mawu aulemu. Enanso geji ali nayo koma amaigwiritsa ntchito mwankhanza: chipinda chili ndi mwaye, akankha bolt ndi mphamvu mpaka itseke pa NO GO pomwe siyenera kutseka, kenako n'kumadabwa. Geji imafuna chipinda choyera ndi dzanja lofatsa. Geji ya dzimbiri, yopindika, yotoledwa m'bokosi lomwelo la zotsala, nayonso ndi yabodza. Geji ina yotchedwa FIELD ndiyo malire omaliza: bolt ikatseka pa imeneyo, mfuti imeneyo siyenera kuonanso chipolopolo mpaka mmisiri aikonze.

Makoko ogwa pansi amalankhula, koma inu mumangowapondaponda. Tolani angapo. Mukaona kamzere kowala kozungulira pafupi ndi tsinde, kapena kapisozi kakumbuyo koyatsa onga katatulukira kunja, kapena khoko lotupa, lekani pomwepo. Safunsa anadya phula.

Poti za maso ndi zala zikuoneka kuti sizikukukhudzani, tiyeni tikambe za ndalama. Kuchokera pa 19 May 1986, boma la America linatseka kaundula wa mfuti zachiwaya zatsopano za anthu wamba. Zomwe zinalembetsedwa lisanafike tsikulo ndi zomwezo, sizichuluka, n'chifukwa chake imodzi imagulidwa madola masauzande makumimakumi. Mukaphulitsa thupi lake lolembetsedwalo, fakitale singakupangireni lina pansi pa lamulo lomwelo. Mageji onse pamodzi mtengo wake ndi wochepa kuposa zipolopolo zomwe mumawotcha tsiku limodzi. Munthu wokwanitsa kugula mfuti ya mtengo wa galimoto yatsopano, n'kumaumira geji, ameneyo ndimutche ndani?

Inu amene mumangoitanidwa kukawombako mfuti za anzanu, muli ndi pakamwa. Funsani mwini wake kuti mpope umenewo anauyeza liti, ndipo akuonetseni geji. Akasintha mpope wotentha pamaso panu pa M2 kapena M1919 n'kufuna kupitiriza osayezanso, chokanipo, mutengenso mwana wanu. Magalasi oteteza maso muvale, inu ndi aliyense woima pafupi. Ndipo mpope kapena bolt yomwe simukudziwa mbiri yake ipite kaye kwa mmisiri wa mfuti wodziwa mtundu umenewo, asanaione anzanu a Loweruka.